Mbereko ya ku Sadzi: kuchokera pa chikopa kufika pa chitenje

Gogo wina wa ku Sadzi mumzinda wa Zomba, amene anabadwa Zomba idakali likulu la dziko, amati chitenje ndi mlendo wa dzana. Agogo awo ankawauza kuti kale mwana ankaberekedwa m'chikopa cha mbuzi kapena cha gwape. Chikopacho ankachipala, kuchiyanika, kenako kuchifikisa ndi mafuta a nsatsi mpaka chifewe, kuti chisasupule khanda. Amene analibe chikopa ankalowa m'tchire kukasenda khungwa la mombo, n'kuliviika m'madzi, n'kulimenya pa chipika mpaka litambasuke kukhala chiwondo. Chiwondo sichinkakondana ndi mvula, ndipo mwana akachinyowetsa kangapo chinkayamba kuthetheka.

Thonje linalipo kale ndithu. David Livingstone atafika ku Chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje ndi kuluka nsalu zawo. Koma nsalu zambiri zinabwera ndi amalonda a Chiyao ochokera kugombe la nyanja ya mchere, ndipo pambuyo pake ndi sitolo za amwenye m'tauni ya Zomba. Gogoyo amakumbukira biriwita, nsalu yakuda imene amayi awo ankavala ndi kuberekera momwemo. Inali imodzi yokha. Ikachapidwa kumtsinje wa Likangala, mwana ankadikira m'manja mwa mlezi mpaka iume pamwala.

Zinthu zinasintha fakitale ya David Whitehead and Sons itatsegulidwa ku Blantyre mu 1967. Chitenje chamaluwa chinafika mpaka m'misika ya kumudzi, ndipo lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, linachikhazika m'chiuno mwa aliyense. Apa gogoyo amaseka: nsalu ya nkhope ya Kamuzu imene mbumba inkavinira, ikasuluka, inkathera kumsana ndi mwana. Fakitaleyo inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003, ndipo lero pamsika wa Zomba zitenje zake zimapikisana ndi za ku Tanzania, Zambia ndi China.

Kamangidwe kokha n'komwe kanakhalitsa. Mayi amawerama, amakhazika mwana pamsana, amaponya nsalu, n'kuikokera pansi pa matako a mwanayo. Nsonga imodzi imadutsa paphewa, inayo m'khwapa, mfundo n'kukhala pachifuwa. Akalira, amangomusunthira m'khwapa kuti ayamwe, khasu likadali m'dzanja linalo. M'mwezi wa June, mphepo ikamatsika kuphiri, chitenje chachiwiri chimaphimba mutu. Gogoyo amadandaula ndi atsikana amene amamanga mothina mpaka mwana kulephera kutembenuza khosi, kapena molekerera mpaka miyendo kulendewera.

Chimene chinadabwitsa gogoyo kwambiri chinachokera pafupi pomwepa. Mu 1999 chipatala chachikulu cha Zomba chinakhala choyamba m'Malawi kusamalira ana obadwa masiku asanakwane mwa njira ya kangaru. Njirayi anaiyambitsa Dr Edgar Rey mu 1978 ku Bogotá, m'dziko la Colombia, kumene makina ofunditsira makanda ankaperewera. Khanda limaikidwa pachifuwa pa mayi, pakati pa mawere, litangovala thewera, chipewa ndi masokosi, khungu kukhudza khungu, n'kumangidwa ndi chitenje usana ndi usiku. Kutentha kwa thupi la mayi ndiko kumalifunditsa, ndipo bere limakhala pafupi.

Poyamba gogoyo sanakhulupirire. Kwa iwo malo a mwana anali kumbuyo, ndipo kamwana kotere kale kankangokulungidwa m'nsalu n'kusungidwa m'nyumba pafupi ndi moto, anthu akunong'ona. Mdzukulu wawo atabereka kamwana kotereko, anamwino anawauza kuti mayi akamasamba kapena akatopa, wina amulandire. Gogoyo anavula bulauzi, anamangidwa chitenje, ndipo tsiku lotsatira anaitanitsa bambo a mwanayo kuti nawonso aphunzire mfundoyo.