Alembi Athu: Kuchokera ku Nkhoma Mpaka ku Mikuyu

1. Msewu wa pa Kamphata

Mukachoka pa Nathenje kulowera ku Dedza, mumafika pa Kamphata. Pamenepo pali msewu wokhotera kumanzere wopita ku Nkhoma. Ambirife timapitako tikadwala, chifukwa cha chipatala. Koma Nkhoma ili ndi mbiri inanso, ya mabuku.

Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa anakhazikika kumeneko mu 1896. Anatsegula sukulu, ndipo pambuyo pake anayamba kusindikiza mabuku a Chinyanja.

2. Aphunzitsi a Ntara

A Samuel Josia Ntara anabadwa mu 1905. Anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Masiku amenewo bungwe lina la ku London linkachititsa mpikisano wolemba mabuku m'zilankhulo za mu Africa. A Ntara analowa nawo mpikisanowo ndipo anapambana. Buku lawo, Nthondo, linatuluka mu 1933. Chaka chotsatira a Cullen Young, amene anali mmishoni ku Livingstonia, analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa.

3. Nthondo anali yani?

Nthondo ndi munthu wopeka. Bukuli limamutsata kuyambira tsiku lobadwa mpaka kumanda. Ali mnyamata anali wosamva, ndipo anali ndi dzanja lalitali. Anachoka pamudzi kukasaka ntchito kutali, monga ankachitira amuna ambiri a kuno, ena ku Halale, ena ku Joni. Atabwerera analowa ufumu, kenako anatembenuka mtima n'kukhala Mkhristu.

Mathero amenewa n'ngoyembekezeka, pajatu wolembayo ankadya za amishoni. Koma kukoma kwa bukuli kuli pakati. Munthu wa kumudzi amadzionamo yekha: miyambo yake, milandu yake, mayankhulidwe a makolo ake. Nthawi imeneyo mabuku ambiri onena za ife ankalembedwa ndi azungu. Apa Mchewa analembedwa ndi mnzake, m'chilankhulo chake.

A Ntara analembanso Mbiri ya Achewa, Nchowa, ndi Msyamboza, lonena za mfumu yeniyeni ya ku Chibanzi m'boma la Dowa. Anamwalira mu 1976.

4. Wapansi kulondola America

Mlembi wina, a Legson Kayira, anali a ku Chitipa. Mu 1958 ananyamuka wapansi kukafuna maphunziro ku America. Anayenda mpaka ku Khartoum, m'dziko la Sudan. Ndi chithandizo cha anthu a ku America, anakafika ku Skagit Valley College m'chigawo cha Washington. Ulendo wonsewo anaufotokoza m'buku lotchedwa I Will Try, la mu 1965.

Mu 1974 anatulutsa The Detainee, nkhani ya munthu wamba wozunzika pansi pa ulamuliro wankhanza. Analilembera kunja. Kuno sakanalimba mtima. Anakhazikika ku England ndipo anamwalira mu 2012.

5. Cholembera chikakhudza ndale

Mu 1968 boma la a Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Buku likapanda kusangalatsa akuluakulu, linkaletsedwa. Choncho alembi anaphunzira kuzimbaitsa. Ankanena za nyama ndi nthano zakale, koma womva ankamva.

A Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College ku Zomba, anatulutsa buku la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, mu 1981. Mu September 1987 apolisi anawagwira n'kukawatsekera kundende ya Mikuyu. Mlandu sunazengedwe. Alembi anzawo a ku Britain, ku America ndi kwina analemba makalata ambiri opempha kuti atulutsidwe. Anatuluka mu May 1991, kenako anasamukira ku England ndi banja lawo.

6. Kalata yowerengedwa m'tchalitchi

Si mabuku okha amene anakhudza ndale. Pa 8 March 1992, m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Inadzudzula poyera kutsekera anthu popanda mlandu, umphawi wa antchito ndi kutseka anthu pakamwa. Boma linakwiya kwambiri, koma kalatayo inali itafika kale m'makutu mwa anthu, ngakhale osadziwa kuwerenga. Pa 14 June 1993 Amalawi anavota pa referendamu, ndipo ambiri anasankha zipani zambiri.