Mbiri ya Wonga wa m'Migodi

Pamene Ascanio Sobrero, katswiri wa ku Turin, anatulukira nitroglycerin m'chaka cha 1847, anapatsa ana a anthu wantchito wamphamvu yoopsa koma wosamvera mbuye wake, pakuti madzi amenewa ankaphulika ngakhale atangogwedezeka pang'ono. Ndipo Alfred Nobel, amene mng'ono wake Emil anafa pa ngozi yotere ku Stockholm mu 1864, sanapumule kufikira atawamwetsa m'dothi lotchedwa kieselguhr, natulutsa dainamaiti mu 1867. Nzeru yonse ya masiku amenewo inali yogoneka chinthu chokwiya msanga.

Komatu tsoka silinunkha. Pa 19 February 1896 ngolo za sitima zodzala ndi dainamaiti, zimene zinakhala padzuwa masiku angapo ku Braamfontein, ku Johannesburg, zinaphulika ndi kupha anthu ambirimbiri, m'chaka chomwecho chimene fakitale ya Modderfontein inatsegulidwa kuti idyetse migodi ya golide ya ku Johannesburg. Makolo athu amene pambuyo pake anapita ku Joni pa Wenela anaudziwa wonga umenewu ndi matupi awo, popeza utsi wake unkawawitsa mutu koopsa, ndipo bowo limene lakana kuphulika linkadikira mwakachetechete munthu wodzaboola mawa lake.

Zinthu zinatembenuka pamene Harold Bluhm wa ku America analembetsa wonga wa emulsion mu 1969. Uwu ndi wokandapala ngati chiponde, suopa madzi a m'mgodi, ndipo pawokha ndi waulesi kotero kuti akatswiri, amene kwa zaka zana anavutika kugoneka wonga, tsopano anayenera kufunafuna njira youdzutsira. Chodabwitsa, ndipo ine ndiyesa kuti pano ndi pamene pali ulemerero wa ntchitoyi, n'chakuti choudzutsacho ndi mpweya chabe: timathovu tosaoneka bwino ndi maso, kapena timipira tagalasi topanda kanthu m'kati, timene tikapanikizidwa mwadzidzidzi ndi kugunda kwa choyatsira timatentha koposa, ndipo kuchokera pa kadontho kamoto kalikonse kuphulika kumalandizana mpaka kumapeto kwa bowo. Timathovu tikachepa wonga umangogona. Tikachulukitsa mphamvu yake imachepa. Ndipo m'mabowo akuya kulemera kwa wonga wapamwamba kumatifinya tapansi, nkuusiya wakufa.

N'chifukwa chake m'migodi ikuluikulu ya lero galimoto imanyamula phala losadzuka m'misewu ya anthu, ndipo limasanduka wonga weniweni pokhapokha litalowa m'thanthwe.