Gulugufe Wamkulu wa ku New Guinea

Ife timaona agulugufe m'minda mwathu, koma sitiwagulitsa. Ku Ulaya anthu acuma ankawagula ndi kuwasunga ouma m'mabokosi.

M'caka ca 1906, Mngelezi Albert Meek anali ku New Guinea, akusakira Walter Rothschild agulugufe. Kumeneko anapeza gulugufe wamkulu koposa onse pa dziko lapansi. Mapiko ake amafika masentimita 25. Popeza ankauluka m'mwamba kwambiri, Meek anamuombera ndi mfuti.

Rothschild anamupatsa dzina la Alexandra, mfumukazi ya ku England, osati dzina la eni dziko.

Lero gulugufeyu akusowa, cifukwa nkhalango zake zikudulidwa. Kuyambira 1987, kumugulitsa kunja nkoletsedwa.

Tiyeni tiphunzire kulemba, kuti maina a zamoyo za kwathu tilembe tokha.