Mayeso a JCE

JCE ndi mayeso a boma amene ophunzira a m'Malawi amalemba akamamaliza Fomu 2, chaka chachiwiri cha sekondale. Amene amawakonza, kuwayang'anira ndi kuwachonga ndi bungwe la MANEB, lomwe likulu lake lili ku Zomba. Silabasi yake imalembedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi.

M'chaka cha 2015 sukulu za sekondale zinayamba kutsatira silabasi yatsopano, kuyambira Fomu 1. Cholinga chake chinali choti mwana aziweruzidwa ndi zimene angathe kuchita, osati zimene waloweza zokha. Phunziro la Physical Science linagawidwa pawiri, kukhala Physics ndi Chemistry.

M'chaka chomwecho boma linalengeza kuti likuthetsa JCE pofuna kuchepetsa ndalama zoyendetsera mayeso, komanso poona kuti satifiketi yake inali itasiya kupezetsa ntchito. M'malo mwake, aphunzitsi anayenera kumayesa ana pafupipafupi m'kalasi. Njirayi imafuna nthawi ndi zipangizo. Pasukulu yoyendera pamene mphunzitsi mmodzi amanyamula mulu wa makope kukachongera kunyumba, ndipo ana angapo amaunjikana pa buku limodzi, kutsatira mwana aliyense payekha kunali kovuta. Makolo ndi aphunzitsi ambiri anadandaula kuti ana akutayirira, popeza ankayenda zaka zinayi osakumana ndi mayeso a boma mpaka mayeso omaliza a sekondale, a MSCE.

Boma linabwezeretsa JCE, ndipo ophunzira analembanso mayesowa mu 2021.