Mafumu Atatha Mphamvu, Raga Inathawira ku Kanema

Nyimbo ikatsala pang'ono kutha, Gauhar Jaan ankasiya kuyimba n'kutchula dzina lake mokweza m'Chingerezi. Sikunali kudzitama. Phula lomwe ankajambulirapo mawu linkatumizidwa ku Hanover, m'dziko la Germany, kuti akapange zimbale za galamafoni, ndipo amisiri a kumeneko sakanadziwa kuti mawuwo ndi a yani. Munali mu Novembala 1902 mumzinda wa Calcutta, pamene Fred Gaisberg wa kampani ya Gramophone anaimika mayiyu pamaso pa lipenga lojambulira mawu n'kumuuza kuti ali ndi mphindi zitatu zokha.

Kwa woyimba wa ku India wophunzira bwino, mphindi zitatu n'zongokonzera kukhosi. Nyimbo zamakedzana za kumeneko zimamangidwa pa chinthu chotchedwa raga. Raga si nyimbo imodzi. Ndi njira yomwe mawu ayenera kudutsa: akwere motani, atsike motani, apumire pati, ndipo ndi liwu liti losayenera kukhudzidwa n'komwe. Mkati mwa malirewo woyimba amapeka yekha pamene akuyimba, ndipo raga imodzi akhoza kukhala nayo ola lathunthu. Kumpoto kwa dzikolo raga iliyonse ilinso ndi nthawi yake. Bhairav ndi ya mbandakucha, Yaman ya chisisira, Malkauns ya pakati pa usiku, pomwe Malhar imadikira dzinja.

Luso limeneli linkadya kwa mafumu. Mnyamata ankakhala pakhomo pa mphunzitsi wake zaka zambiri, kumutumikira ndi kumumvetsera, kenako n'kukapeza malo pabwalo la mfumu ya ku Gwalior, Rampur kapena Jaipur. Panalinso amayi otchedwa tawaif, akatswiri a kuyimba ndi kuvina omwe ankasangalatsa anthu olemera m'nyumba zawo, ndipo Gauhar Jaan anali mmodzi wa iwo. Amuna ambiri otchuka anachita nayo manyazi galamafoni, ati luso lawo silingalowe m'kabokosi. Amayiwa ndiwo analimba mtima n'kuphunzira kupanikiza raga kuti ikwane pachimbale, ndipo aliyense amene anadzapeka nyimbo ya filimu pambuyo pake anayenda m'njira yomwe iwo analambula.

Filimu yoyamba yolankhula ya ku India, Alam Ara ya Ardeshir Irani, inaonetsedwa ku Majestic Cinema ku Bombay pa 14 Malichi 1931. Inali ndi nyimbo 7. Situdiyo yake inali pafupi ndi njanji, choncho ankajambula usiku sitima zikasiya kuyenda. Masiku amenewo wochita sewero ankayimba yekha kamera ikuzungulira, oyimba ng'oma ndi limba atabisala kuseri kwa mitengo kuti asaoneke. Filimuyo inatayika, palibe kope lomwe latsala. Mu 1935 ku situdiyo ya New Theatres ku Calcutta, Nitin Bose ndi wopeka nyimbo R. C. Boral anayamba kujambuliratu nyimbo pa filimu ya Dhoop Chhaon, wochita sewero n'kumangogwedeza milomo. Kuyambira pamenepo nkhope ikanatha kukhala ya munthu wina, mawu a wina, ndipo khomo linatsegukira woyimba yemwe sakanalota zoonekera pakanema.

India italandira ufulu mu 1947, maufumu oposa 500 analowetsedwa m'boma limodzi. Mabwalo a mafumu anazilala, ndipo oyimba anayamba kusaka kodyera kwina. Kunali malo awiri, wailesi ya boma ndi masitudiyo a ku Bombay. M'chaka cha 1952 malo awiriwa anayang'anizana ngati atambala.

Chaka chimenecho B. V. Keskar anakhala nduna ya zofalitsa nkhani. Anali munthu wokonda nyimbo zamakedzana ndi mtima wonse, ndipo ankaona nyimbo za m'mafilimu ngati zolaula ndi zotengera azungu. Analamula kuti pa All India Radio nyimbo zotere zisapitirire magawo 10 pa 100 a nthawi ya nyimbo, komanso kuti dzina la filimu lisamatchulidwe. Eni mafilimu anakwiya n'kuchotsa nyimbo zawo pawailesiyo. Omvera sanavutike kutsutsana ndi nduna. Anangopotokola wailesi n'kupeza Radio Ceylon ya ku Colombo, komwe mnyamata wina dzina lake Ameen Sayani ankaulutsa pulogalamu ya Binaca Geetmala Lachitatu lililonse madzulo, yolipiridwa ndi kampani ya mankhwala otsukira mano. Pofika 1957 boma linagonja n'kutsegula Vividh Bharati, nthambi ya wailesi yoyimba nyimbo zomwe anthu ankafuna.

Keskar ayenera kuyamikidwa pa chimodzi: anapatsa ntchito ndi ulemu oyimba ambiri omwe akanafa ndi njala, ndipo nthawi yake wailesi inayamba mapulogalamu aakulu a nyimbo zamakedzana omveka dziko lonse. Koma pa nkhani ya kanema anaphonya, ndipo umboni unatuluka chaka chomwecho cha 1952.

Baiju Bawra, filimu ya Vijay Bhatt, ikusimba za mnyamata dzina lake Baiju, yemwe bambo ake anaphedwa ndi alonda a Tansen, woyimba wamkulu wa pabwalo la Mfumu Akbar m'zaka za m'ma 1500. Mnyamatayo akulumbira kubwezera, ndipo chida chomwe akusula ndi mawu ake. Wopeka nyimbo Naushad anachenjezedwa kuti anthu wamba sangalipire tikiti kukamvera raga. Iye anamanga nyimbo za filimu yonse pa raga basi. Pa mpikisano wa kumapeto, pomwe wopambana ndi amene asungunule mwala ndi kuyimba, Naushad anabweretsa akatswiri enieni awiri: Ustad Amir Khan anayimbira Tansen, D. V. Paluskar anayimbira Baiju, akupatsirana mawu mothamanga mpaka womvera amaiwala kupuma. Paluskar anamwalira patangotha zaka zitatu, ali ndi zaka 34, ndipo anthu ochuluka omwe sanakhalepo pa konsati yake amamudziwira pomwepa.

M'filimu yomweyo muli nyimbo yopembedza ya Chihindu ya mu raga Malkauns, yomwe mpaka lero imatengedwa ngati imodzi mwa nyimbo zokoma kwambiri zachipembedzo za m'mafilimu. Mawu ake analemba Shakeel Badayuni, anaipeka Naushad, anaiyimba Mohammed Rafi. Onse atatu anali Asilamu, ndipo panali patangopita zaka 5 chichitikire kugawidwa kwa India ndi Pakistan komwe Ahindu ndi Asilamu anaphana mwankhanza. Filimuyo inadzaza maholo, ndipo mphoto za Filmfare zitayamba mu 1954, yoyamba ya wopeka nyimbo inapita kwa Naushad.

Ngakhale zinali choncho, akuluakulu ena ankanyansidwabe ndi kanema. Nkhani yotchuka ndi ya Bade Ghulam Ali Khan. K. Asif, yemwe ankapanga filimu ya Mughal-e-Azam, ankafuna mawu a mkuluyu kuti akhale a Tansen. Akuti pofuna kumuthamangitsa mwaulemu, Khan anatchula mtengo woti munthu wanzeru sangavomere, marupi 25,000 pa nyimbo imodzi, pa nthawi yomwe oyimba otchuka ngati Lata Mangeshkar ndi Rafi ankalandira mazana ochepa chabe. Asif anavomera pomwepo. Filimuyo itatuluka mu 1960, anthu anaona chomwe ndalamazo zinagula. Ndi usiku m'munda wa nyumba yachifumu. Wochita sewero Dilip Kumar akusisita nkhope ya mnzake Madhubala ndi nthenga yoyera, awiriwo osalankhula kanthu, ndipo chapatali mawu a Khan akukwera ndi kutsika mu raga Sohni. Zonse zomwe okondanawo sakunena, nkhalamba yosaonekayo ikuwanenera.

Ku Calcutta, wopanga mafilimu Satyajit Ray anaigwira nkhaniyi kumchira kwake. Filimu yake ya Jalsaghar ya 1958 ikuonetsa mwinimalo wokalamba akumwaza chuma chake chotsiriza pa oyimba, nyumba ikugumuka, pamene mnansi wake wolemera kumene akugula ulemu ndi ndalama. Nyimbo zake anakonza katswiri wa chida choyimbira cha sitar Vilayat Khan, ndipo Begum Akhtar akuonekamo akuyimba. Ndi maliro a bwalo lakale, ojambulidwa ndi chipangizo chomwe chinalowa m'malo mwake. Kum'mwera nako, filimu ya Sankarabharanam ya mu 1980, ya m'chiyankhulo cha Telugu, inabwezera achinyamata ambiri ku nyimbo zamakedzana za kumeneko zotchedwa Carnatic, ngakhale woyimba wake S. P. Balasubrahmanyam sanaphunzire lusoli mwa dongosolo.

Odandaula ali ndi mfundo yawo. Raga ya m'filimu imakhala yodulidwa, nthawi zina yosakanizidwa ndi inzake, mavayolini ambirimbiri ali pambuyo, ndipo mphindi zinayi sizingapereke zomwe ola limapereka. Zimenezo n'zoona. Koma woyendetsa rikisho wa ku Lucknow sakanaloledwa kukhala pamphasa ya mfumu ya ku Rampur, ndipo kanema ndiye anamuika Malkauns pakamwa.

Mafilimu achimwenye ndi odziwika m'mavidiyo sho a kuno kwathu, ndipo nyimbo ikayamba ambiri amafuna aidumphe kuti nkhani ipitirire. Owerenga amene ali ndi foni ndi bandulo yokwanira afufuze mpikisano wa Amir Khan ndi Paluskar uja, avale mahedifoni usiku kutakhala zii, ndipo aumvetsere mpaka mwala usungunuke.