Galasi Lopyapyala Kuposa Tsitsi

Kwa zaka mazana ambiri, wofuna kupinda kuwala ankadalira kukhuthala kwa galasi. Kuwala kumachedwa podutsa pakati pokhuthala, kumafulumira m'mbali mopyapyala, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumakusonkhanitsa pamalo amodzi. Mandala ena amagwira ntchito motero. Koma galasi lalikulu loti liwunikire zombo usiku likanakhala chimwala chosanyamulika, chomezanso kuwala komweko.

Augustin Fresnel wa ku France anaona kuti mnofu wambiri wa m'kati mwa galasi ulibe ntchito. Anauchotsa n'kusiya mizere yozungulira yokhala ngati masitepe. Mu 1823 galasi lake linaikidwa pa nsanja ya Cordouan, ndipo posakhalitsa nsanja za m'magombe ambiri zinatengera.

Kuchoka pamenepo panapita nthawi yaitali galasi lisanapyapyale kuposa apo, chifukwa panalibe zida zosemera tinthu tochepa kuposa funde la kuwala. Zidazo zinabwera ndi mafakitale a tchipisi ta makompyuta. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Philippe Lalanne ndi anzake ku France anaimika timizati ta titanium dioxide pagalasi lathyathyathya n'kuona kuti tikupinda kuwala bwino. Ntchito yawo siitchulidwa mokwanira, ndipo zimenezi zimandiwawa. Dziko linadzidzimuka mu 2011, pamene gulu la Federico Capasso ku Harvard linayala tizidutswa ta golide tooneka ngati chilembo cha V. Kachidutswa kalikonse kankachedwetsa kuwala pamlingo wakewake, kotero kuti kakonzedwe kake ndiko kankalamula kolowera kuwala. Golideyo ankawononga kuwala kwambiri. Mu 2016 gululo linagwiritsa ntchito timizati ta titanium dioxide totalika nanomita 600, ndipo linapanga galasi la kuwala kooneka ndi maso, lotchedwa metalens.

Mu 2022 kampani ya STMicroelectronics, mogwirizana ndi kampani ya Metalenz, inayamba kuika magalasiwa m'tizipangizo toyeza mtunda. Kumeneko amatha bwino, poti kuwala kwake ndi kwa mtundu umodzi. Pa kamera ya foni mpomwe pagona nkhani: kufiira ndi kubiriwira sikukumana pamalo amodzi, chithunzi n'kuchita chimbuuzi. Njira zokonzera zimenezi zilipo kuyambira 2018, koma zimathandiza pa timagalasi tating'onoting'ono basi. Ndikhulupirira kuti tsogolo lapafupi la magalasiwa lili m'zida zoyezera ndi zoyang'anira m'thupi la wodwala. Chitumbu cha kamera kumbuyo kwa foni yanu sichichoka msanga.