Chikwangwani cha pa geti

Agogo anga aamuna anafika mu Lusaka ali ndi chitupa m'thumba. Nthawi ya atsamunda nyumba ya m'tauni inkayendera limodzi ndi ntchito: akakuchotsa, denga nalonso lapita. Ambiri okanidwa sanabwerere kumudzi. Ankalipira kandalama kwa azungu eni mapulazi n'kumanga timisasa tadothi, ndipo makomboni ngati George ndi Kalingalinga anakula motero. Boma linadzayamba kuwavomereza ndi lamulo la 1974.

Kenaka kunabwera kugulitsa makampani a boma, Chiluba atalowa mu 1991. Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, mabasi a UBZ n'kutsatira. Azibambo ovala mataye anayamba kugulitsa salaula ku msika wa Soweto, azimayi a ku Kalingalinga n'kumaswa miyala m'mbali mwa msewu. Anthu amenewa ndimawalemekeza kwambiri.

Ine ndinakanidwa ntchito kasanu chaka chimodzi. Ndimakumbukira envelopu yakhaki itanyowa thukuta, nsapato zili mbuu ndi fumbi la ku Kanyama, mlonda akundilozera chikwangwani choti ntchito palibe. Madzulo amayi anandiikira nsima osafunsa kanthu. Kutacha amalume anandigogodera:

"Mphwanga, tiye ukaphunzire kuwotcherera mageti."

Ndinapita. Kalata zofunsira ntchito ndinkalemba usiku, maso akuwawa ndi utsi.